TIYENI TISALAZE MAKOMA A M'KATI MWA NYUMBA ZATHU

Anzathu, chimanga chalowa m'nkhokwe. Nyemba tapuntha, mtedza tathothola. Mvula yatha ndipo khasu lapuma pang'ono. Ino ndiyo nthawi yoyang'ana nyumba.

Ambiri a ife timasamala kunja kwa nyumba. Timazira khonde, timapaka tsiro lofiira ndi loyera kuti odutsa aone. Koma m'kati, makamaka kuchipinda chogona, khoma limatsala monga linaphomedwera. Zala za wophoma zikuonekabe. Apa chitunda, apo dzenje, apo mng'alu wolowa chala. Timati, "Aaa, kuchipinda amaonako ndani?" Alipo amene amaonako. Amatuluka usiku ife titagona.

YESANI USIKU UNO

Kukada, tengani tochi kapena nyale. Igundizeni kukhoma kuti kuwala kuyende motsata khomalo. Chitunda chilichonse chionetsa mthunzi wake. Dzenje lililonse lioneka lakuda. Kenaka yang'anani m'munsi, pafupi ndi pamene pamayalidwa mphasa ya ana. Mukaona timadontho takuda ngati tsabola wosinja, ndizo ndowe za nsikidzi. Mukaona timizere ta magazi, ndi pamene wina anatswanyira nsikidzi ali m'tulo.

Khoma lokhakhala ndi mudzi wa tizilombo. Tiyeni tiwadziwe eni mudziwo.

ALENDO A M'MING'ALU

Woyamba ndi nsikidzi. Thupi lake ndi laphanthiphanthi, choncho imalowa mu mng'alu wopyapyala ngati chikhadabo. Masana imabisala, usiku imayamwa magazi. Imaikira mazira mommo, ndipo mazirawo amaswa patangotha sabata imodzi kapena ziwiri. Imatha kukhala miyezi ingapo osadya. Nsikidzi siidziwika kuti imafalitsa matenda, koma imalanda tulo. Mwana amadzikanda mpaka zilonda. Mmawa amasinza kusukulu, ife timasinza kumunda.

Wachiwiri ndi nkhufi. Imeneyi ndiyo yoopsa. Imakhala m'ming'alu ya m'munsi mwa khoma ndi m'fumbi la pansi. Imaluma usiku, imakhuta msanga, n'kubwerera kobisala ife tisanadzuke. Imatha zaka osadya, koma ili moyo. Nkhufi zina zimanyamula kachirombo koyambitsa malungo obwerezabwereza. Munthu amatentha thupi kwambiri, mutu umawawa, m'mfundo mumaphwanya. Patapita masiku ochepa amakhala ngati wachira. Ikatha sabata imodzi kapena kuposerapo, matenda aja amabweranso. Mankhwala a malungo a udzudzu sachiza matenda amenewa. Ali ndi mankhwala akeake kuchipatala. Amaopsa kwambiri ana aang'ono ndi amayi apakati, pakuti amatha kupititsa padera.

Nkhani ya nkhufi si yalero kuno kwathu. David Livingstone anafika ku Tete mu 1856. M'buku lake la mu 1857 analemba kuti anthu amene anamulandira kumeneko anayesetsa kuti anthu ake asagone kumene kunali nkhufi, chifukwa ankaziopa. Mu 1905 madokotala awiri, Dutton ndi Todd, akugwira ntchito ku Congo, anatsimikiza kuti nkhufi ndiyo imapatsa anthu malungo amenewa. Ngakhale ziweto zili pa ngozi. M'zaka za m'ma 1980, kwa anansi athu ku Mchinji m'dziko la Malawi, ofufuza anapeza kachirombo ka chigodola cha nkhumba m'nkhufi za m'makola. Ndiye tikamamata nyumba, tisaiwale khola.

Wachitatu ndi anankafumbwe ndi anzawo oononga mbewu. Ambiri timasunga matumba a chimanga, nyemba ndi mbewu yobzala m'nyumba momwemo. Tinjere timagwera m'maenje a khoma ndi m'makona. Tizilombo ta chaka chatha timatsalira mmenemo, kudikira zokolola zatsopano. Ife timati tagula thumba latsopano, tathira mankhwala, osadziwa kuti mdani anali kale m'chipinda.

Palinso mphemvu, akangaude ndi zinkhanira. Palinso fumbi ndi mwaye zimene zimakhala pa zitunda, tsache osazichotsa. Khoma losalala limasesedwa kamodzi n'kuyera. Kachirombo kakayenda pamenepo kamaonekera patali.

ZIMENE ZINATIPHUNZITSA

Ife tinaphunzira ndi kulakwa. Chaka china koperativa yathu inamanga nyumba yosungiramo mbewu. Tinamanga ndi zidina, njerwa zosawotcha. Titagulitsa mbatata tinati, "Tsopano tigule simenti, khoma likhale ngati la m'tauni." Mayi wina wachikulire anatiletsa. Anati, "Ana anga, dothi limagwirana ndi dothi linzake. Simentiyo idzakusiyani." Mnyamata wina anayankha kuti, "Agogo, zimenezo ndi zakale." Tonse tinaseka, n'kugula simenti.

Khoma linaoneka bwino mpaka mvula inabwera. Pofika Febuluwale, ukagogoda khomalo linkalira ngati ng'oma. Simenti inali italekana ndi zidina. Kuseri kwake kunali chinyontho, mphemvu ndi njira za chiswe. Tsiku lina chigamba chachikulu chinagwera pa matumba a nyemba. Ndalama za mbatata zinathera pomwepo. Mau a akulu akoma akagonera.

Chifukwa chake n'chiyani? Khoma la dothi limamwa chinyezi nthawi ya mvula n'kuchitulutsa kukacha. Limafufuma pang'ono, limanyala pang'ono. Simenti ndi youma gwa, siyenda nalo limodzi, ndipo imatsekera chinyezi m'kati. Choncho lamulo loyamba ndi ili: khoma la dothi timata ndi dothi, khoma la njerwa zowotcha kapena la mabuloko ndilo limalola simenti. Nyumba ya nsichi, ya mdindo ndi ya zidina zonse ndi za dothi.

NTHAWI YAKE

Miyezi yabwino ndi Juni, Julayi ndi Ogasiti. Mvula kulibe, ntchito ya kumunda yachepa, ndipo madzi akadalipo m'zitsime ndi m'madambo. Dothi limauma pang'onopang'ono, ndiko kuuma kwabwino. Mu Okutobala kumatentha kwambiri. Dothi limauma mothamanga n'kung'aluka, madzi amasowa, ndipo aliyense ali kalikiriki kusosa ndi kulima mizere.

Ngati nyumba ndi yatsopano, musafulumire. Lolani khoma liume kufikira m'kati, ling'aluke ming'alu yake yonse. Mukamata khoma laliwisi, ming'alu ya pansi idzatulukira pamwamba.

YAMBANI NDI CHOYAMBITSA

Tisanaponde dothi, tifunse kuti khoma linaonongeka bwanji. Ngati pali mizere ya madzi yotsika kuchokera kumwamba, denga likudontha. Folerani kaye. Ngati khoma layoyoka m'munsi, madzi a mvula akuima pafupi ndi nyumba. Kwezani khonde, kumbani ngalande yopatutsa madzi. Ngati pali njira za chiswe, zigumuleni, tsatani kumene zikuchokera, ndipo sinthani nsichi zodyedwa.

Mng'alu waukulu wochoka kudenga kufika pansi, umene ukukula chaka ndi chaka, si wongomata. Khoma lopendekeka nalonso si longomata. Pamenepo maziko asuntha. Itanani mmisiri aone, anthu asanagonemonso.

KUSANKHA DOTHI

Dothi lomatira lili ndi zinthu ziwiri: dongo lomata ndi mchenga. Dongo ndilo limagwira. Mchenga ndiwo umaletsa kung'aluka. Dongo likachuluka khoma limang'aluka ngati dambo la mu Okutobala. Mchenga ukachuluka khoma limayoyoka ukalikhudza.

Musatenge dothi lapamwamba lachonde. Lili ndi mizu ndi zinyalala zoola, ndipo malo ake ndi kumunda. Kumbani kupitirira masentimita 30. Katondo ndi wabwino. Dothi la pachulu limagwira kwambiri, koma limafuna mchenga wochuluka. Makande okha amang'aluka koposa onse. Mukatha kukumba, kwirirani dzenjelo, chifukwa nthawi ya mvula limaswetsa udzudzu ndipo mwana angagweremo.

Dothi la mudzi uno si la mudzi uwo. Ndiye palibe muyeso umodzi wa aliyense. Tiyenera kuyesa tokha. Tengani chitini chimodzi choyezera. Pangani zosakaniza zinayi:

Choyamba: chitini 1 cha dothi, chitini 1 cha mchenga.
Chachiwiri: chitini 1 cha dothi, zitini 2 za mchenga.
Chachitatu: chitini 1 cha dothi, zitini 3 za mchenga.
Chachinayi: chitini 1 cha dothi, zitini 4 za mchenga.

Nyowetsani khoma, matani zigamba zinayi, chilichonse chachikulu ngati lichero, chochindikala sentimita 1. Lembani manambala pansi pake ndi khala: 1, 2, 3, 4. Apa ndi pamene kulemba kumene taphunzira kukutithandiza, pakuti zigamba zikauma zimafanana. Dikirani masiku 3. Chigamba chong'aluka chili ndi dongo lambiri. Chigamba chimene chikuyoyoka mukachipukuta ndi dzanja chili ndi mchenga wambiri. Sankhani chimene sichinang'aluke koma ndi cholimba. Lembani muyeso wake m'kope kuti chaka chamawa musadzayambirenso.

Pali zina zimene tingaonjezere. Udzu wouma woduladula, wa masentimita 3 kufika 5, umagwira dothi ngati mizu. Mankhusu a mpunga kapena a mawere amachitanso chimodzimodzi. Ndowe zaziwisi za ng'ombe, zoviikidwa masiku angapo, zimapangitsa dothi kutereka m'manja ndi kulimba likauma. Fungo limatha dothi likauma. Mukagwira ndowe sambani ndi sopo musanadye, ndipo amene ali ndi bala m'manja kapena kumapazi agwire ntchito ina.

TIYENI TIWERENGERE

Tidzafuna dothi lochuluka bwanji? Tiyerekeze chipinda cha mamita 4 m'litali ndi mamita 3 m'lifupi. Khoma ndi lalitali mamita 2.

Kuzungulira chipinda: 4 + 3 + 4 + 3 = mamita 14.
Kukula kwa makoma onse: 14 x 2 = 28. Ndiye kuti malo 28 a mita imodzi uku, mita imodzi uku.
Malo amodzi otere, kumata mochindikala sentimita 1, amadya malita 10 a matope.
Chipinda chonse: 28 x 10 = malita 280.
Ndowa imodzi ndi malita 20. Choncho 280 kugawa ndi 20 ndi ndowa 14 za matope.

Koma dothi louma limachepa likanyowa, lina limagwa pansi, lina limalowa m'maenje. Ndiye tisonkhanitse ndowa 20. Ngati chigamba chachitatu ndicho chinapambana, tikufuna ndowa 5 za dothi ndi ndowa 15 za mchenga. Yezani chipinda chanu ndi chingwe, muwerengere nokha.

ZIPANGIZO

Sitifuna zogula zambiri. Tikufuna khasu, chikwanje chakale kapena kasemasema, tsache lolimba, ndowa, ndi sefa wa waya kapena chitini chobooledwa ndi msomali. Tikufuna thabwa lowongoka lotalika mita imodzi ndi theka. Tikufunanso kathabwa kosalazira: kathabwa kosalala kotalika ngati phazi la munthu wamkulu, kokhomedwa chogwirira kumsana. Pomaliza tikufuna nkhulungo, mwala wosalala wa kumtsinje umene amayi amakulungizira pansi ndi mbiya. Botolo losalala lingathe kulowa m'malo mwake.

NTCHITO YENIYENI

Choyamba, tulutsani zonse. Mphasa, zofunda, matumba, mabokosi, zithunzi za pakhoma, zonse panja padzuwa. Zulani misomali ndi zikhomo zimene simuzifuna. Ana aang'ono akasewere kutali.

Chachiwiri, semani zitunda. Wazani madzi pang'ono kuti fumbi lichepe, ndipo mangani kansalu pamphuno ndi pakamwa. Gonekani thabwa lowongoka pakhoma. Pamene thabwa likugwedera, pali chitunda. Chisemeni pang'onopang'ono ndi chikwanje, kuchokera kumwamba kutsika pansi. Musaseme mozama mpaka kuonetsa nsichi kapena mbariro. Kusema chitunda chimodzi n'kosavuta kusiyana ndi kukweza khoma lonse kuti lifanane nacho. Chotsaninso dothi lonse lofooka limene likulira mukagogoda. Mwaye upaleni, chifukwa dothi latsopano siligwira pa mwaye. Zonse zogwa pansi sesani, mukataye kutali ndi nyumba, pakuti muli mazira a tizilombo.

Chachitatu, pondani dothi. Sefani dothi ndi mchenga kuchotsa miyala ndi mizu. Sakanizani zili zouma mpaka mtundu ufanane, kenaka thirani madzi pang'onopang'ono. Pondani ndi mapazi. Phimbani ndi masamba a nthochi kapena chiguduli, ligone usiku umodzi. Dothi logonera limafewa lonse, silikhala ndi mibulu. Mmawa likhale lolimba ngati nsima ya ana: mukaponya chibulu pakhoma chikakamire, osatsetsereka.

Chachinayi, tsekani ming'alu ndi maenje. Mng'alu uliwonse ukuzeni pang'ono pakamwa ndi mpeni, usesenimo, thiranimo madzi, kenaka kanikizani dothi ndi chala mpaka lifike m'kati. Kungophimba pakamwa n'kumangira nkhufi nyumba yabwino. Dzenje lakuya musalidzaze tsiku limodzi. Ikani theka lero, theka likauma. Samalani kwambiri malo atatu: pamene khoma likumana ndi pansi, m'makona, ndi mozungulira mafelemu a chitseko ndi zenera. M'munsimo ndi m'makona pangani mokhota ngati m'kati mwa mbale, kuti tsache lizifikamo.

Chachisanu, matani koyamba. Kandani khoma ndi msomali kapena chikwanje, mizere yopingasana, kuti dothi latsopano lipeze pogwira. Wazani madzi, dikirani pang'ono amwedwe, wazaninso. Khoma likhale lachinyezi koma losayenderera madzi. Khoma louma limamwa madzi a matope anu nthawi yomweyo, ndipo matopewo amadzamatuka. Ponyani dothi mwamphamvu kapena likanikizeni ndi chikhatho mokweza. Lisachindikale kupitirira sentimita 1 kapena 1 ndi theka, ngati kunenepa kwa chala chaching'ono. Tsopano yendetsani thabwa lowongoka kuchokera pansi kukwera kumwamba, mukuligwedeza uku ndi uku. Limadula pochuluka ndi kuonetsa pochepa. Dzazani pochepapo, yendetsaninso thabwa. Malizani khoma limodzi lonse tsiku lomwelo, mukalekezere pakona, kuti pasakhale msoko pakati. Musasalaze kwenikweni tsopano. Siyani pokhakhala pang'ono kuti tsiro lidzagwire.

Chachisanu ndi chimodzi, dikirani. Apa ndi pamene ambiri timalakwa. Dothi liume lonse, mtundu ufanane paliponse, popanda zigamba zakuda za chinyezi. Zingatenge masiku 4, zingatenge sabata. Tsegulani chitseko ndi zenera kuti mpweya uziyenda, koma musasonkhe moto m'chipindamo pofuna kufulumiza. Kuthamanga si kufika. Timing'alu tating'ono ngati tsitsi tisakudetseni nkhawa, tsiro lidzatitseka.

Chachisanu ndi chiwiri, zirani. Tsiro ndi dothi lomwe lija, koma losefedwa ndi sefa wa timabowo tating'ono, ndi mchenga wosalala, lopanda udzu. Likhale ngati phala lolimba. Nyowetsani khoma. Pakani mopyapyala, mamilimita 2 kapena 3 okha, ngati kunenepa kwa kamtengo ka machesi. Yendetsani kathabwa kosalazira mozungulirazungulira, mukuwaza timadzi pang'ono pakauma.

Pomaliza, kulungizani. Dikirani mpaka tsiro lilimbe ngati mbiya imene yaumbidwa dzulo: chala sichilowa, koma mukumva kuzizira. Pamenepo tengani nkhulungo, kanikizani mukuzunguliza. Nkhulungo imatseka timabowo tonse, ndipo khoma limayamba kunyezimira. Mukachedwa, nkhulungo imangokanda. Mukafulumira, imakoka dothi. Amayi oumba mbiya amaidziwa bwino nthawi imeneyi. Afunseni.

Kukada, tengani tochi ija, muigundizenso kukhoma. Ndiyo idzakuuzani ngati ntchito yatha.

KUPAKA NJEREZA

Njereza, imene ena amati laimu, imagwirizana ndi khoma la dothi chifukwa siitsekera chinyezi. Imawalitsa chipinda, kotero kuti ngakhale ndi nyale yaing'ono tingathe kuwerenga buku lino madzulo. Pakhoma loyera nsikidzi imaonekera msanga.

Thirani ufa wa njereza m'madzi, osati madzi pa ufa. Takasani, igone usiku umodzi, kenaka sefani pa kansalu. Ikhale yamadzimadzi ngati mkaka. Burashi tingapange ndi khonje kapena mlaza wosasantha. Nyowetsani khoma pang'ono, pakani mopyapyala. Ikakhala yaiwisi imaoneka ngati simunapake kanthu, koma ikauma imayera. Musaikhwimitse poganiza kuti yachepa, chifukwa yolimba imasupuka ngati makoko. Pakani kawiri kapena katatu, kusiya tsiku limodzi pakati.

Njereza imaotcha khungu ndipo ingathe kuononga diso. Valani pulasitiki kapena magolovesi m'manja. Ikagwera m'diso, tsukani ndi madzi oyera ambiri kwa mphindi 15 kapena kuposerapo, kenaka pitani kuchipatala. Ndowa ya njereza isakhale pamene mwana angafike.

KHOMA LA NJERWA ZOWOTCHA

Ena mwa ife tamanga ndi njerwa zowotcha kapena mabuloko. Ena tikukhala m'nyumba zimene m'kati anangowaza simenti ya mibulumibulu, imene amisiri amati chapisco pa Chipwitikizi, osamaliza. Khoma lotere limasunga fumbi, limakala mkono, ndipo nsikidzi zimalikondanso.

Ngati simenti palibe, dothi limagwira bwinobwino pa njerwa zowotcha m'kati mwa nyumba. Njira ndi yomwe ija. Ngati simenti ilipo, muyeso wa m'kati ndi ndowa 1 ya simenti pa ndowa 6 za mchenga woyera wa kumtsinje, wosefedwa. Thumba la makilogalamu 50 limafuna ndowa pafupifupi 10 za mchenga, za malita 20. Chipinda chathu chija chingadye matumba 2 kapena 3. Gumulani mibulu yotuluka kwambiri ndi nyundo, sesani, nyowetsani khoma. Sakanizani yochepa imene mungaimalize pa ola limodzi. Simenti imene yayamba kuuma musaithirenso madzi, mphamvu yake yatha. Mukamaliza kusalaza, wazani khoma madzi mmawa ndi madzulo kwa masiku 7. Simenti imalimba ndi madzi, osati ndi dzuwa.

Ngati khoma lokhakhalalo linapakidwa penti wa mafuta, chilichonse chatsopano chidzatereka. Gobani khoma ndi nyundo pafupipafupi kuti simenti ya pansi ionekere. Penti wakale wa mafuta amatha kukhala ndi mtovu, umene ndi poizoni, makamaka kwa ana ndi amayi apakati. Musamupale ali wouma. Nyowetsani, phimbani mphuno, kolopani fumbi lonse ana asanalowe.

ZIMENE KHOMA SILINGACHITE LOKHA

Tikabweza mphasa ya nsikidzi m'chipinda chatsopano, tagwira ntchito pachabe. Thirani madzi owira pa mphasa ndi m'mfundo za bedi, mosamala, ana ali kutali. Chapani zofunda ndi madzi otentha, yanikani padzuwa tsiku lonse. Zirani pansi tsiku lomwelo, pakuti nkhufi imakhalanso m'fumbi la pansi. Nkhuku ndi ziweto zina zigone m'khola mwake. Matumba a mbewu akhale pa thandala, osagunda khoma, kusiya mpata wolowa tsache.

Khoma losalala siliingitsa udzudzu. Neti tizigonamobe usiku uliwonse. Palinso mfundo ina. Udzudzu ukakhuta magazi umakonda kutera pakhoma, n'chifukwa chake a zaumoyo amapopera mankhwala pamakoma a m'kati. Tikamata kapena kupaka njereza iwo atapopera kale, takwirira mankhwalawo. Choncho kumene kumabwera opopera, timalize ntchito yathu iwo asanafike, ndipo akapopera tisazire makoma kufikira nthawi imene iwo atiuze.

Wina akatentha thupi, apite kuchipatala tsiku lomwelo. Ngati ayezedwa malungo osapezeka, kapena matenda akupita n'kubweranso, muuzeni wa zaumoyo kuti kunyumba kuli nkhufi.

MUTU UMODZI SUSENZA DENGA

Kale tinkati kuphoma ndi kwa abambo, kuzira ndi kwa amayi. Koma ndowa 20 za dothi ndi mchenga, kuonjezapo madzi, si katundu wa mayi mmodzi. Anthu asanu ndi mmodzi angathe kumata chipinda tsiku limodzi: awiri otuta ndi kutunga, mmodzi woponda, awiri omata, mmodzi woyendetsa thabwa. Ngolo ya koperativa ingatute mchenga wa nyumba zingapo ulendo umodzi. Thabwa lowongoka, sefa ndi kathabwa kosalazira zingasungidwe pamodzi ndi makasu, n'kumabwerekedwa molemba m'buku.

Tiyambe ndi nyumba zimene muli amayi apakati ndi makanda, kenaka za okalamba amene alibe owathandiza, kenaka nyumba yosungiramo mbewu. Tizilombo timayenda m'mphasa ndi m'zovala kuchoka nyumba ina kupita ina, ndiye nyumba ya mnzathu ikatsala, yathunso siitetezeka. Ntchito yaikulu ndi ya chaka choyamba. Zaka zotsatira n'kungotseka timing'alu tatsopano ndi kuzira pang'ono tikakolola.

Nyumba yathu yosungiramo mbewu ija tinaimatanso ndi katondo ndi mchenga. Woyang'anira ntchito anali agogo aja. Mnyamata uja ndiye ankaponda dothi.

MAFUNSO OKAMBIRANA

1. Tchulani tizilombo titatu timene timabisala m'ming'alu. Ndi kati koopsa kwa mayi wapakati?
2. Chifukwa chiyani simenti imamatuka pa khoma la zidina?
3. Chigamba choyesera chang'aluka. Tionjezere chiyani, dothi kapena mchenga?
4. Chipinda ndi cha mamita 3 m'litali ndi mamita 3 m'lifupi, khoma ndi lalitali mamita 2. Pafunika ndowa zingati za matope?
5. M'mudzi mwathu muno, katondo ndi mchenga wabwino zimapezeka kuti? Tiyamba ndi nyumba ya yani, tsiku liti? Lembani m'kope.